Buleka ikamagwa pafupipafupi musaike yaikulu, yambani mwayezetsa mawaya

Mayi, mwafunsa za nyumba yanu yomwe mwati inamangidwa cha m'ma 1980. Mwati mukayatsa cooker mababu amachepa kuwala, buleka ya masoketi imagwa ketulo ndi simbi zikayaka nthawi imodzi, ndipo wina wakulangizani kuti mungogula buleka yaikulu basi vuto lithe. Kumapeto mwawonjezera, ngati kanthu kakang'ono, kuti mpopi wa kubafa nthawi zina umanyerenyetsa m'manja. Ife tiyamba ndi mpopiwo, chifukwa pa zonse mwatchulazi ndi umene ungaphe munthu msanga.

Mpopi ukamagwira shoko, ngakhale pang'ono, ndiye kuti magetsi akutayikira m'mapaipi ndipo akusowa njira yopitira pansi. Kawirikawiri gwero lake ndi giza: element, kachitsulo kotenthetsa madzi kaja, ikakalamba imang'aluka, madzi n'kukhudza waya wa m'kati mwake. Lero lomwe pitani pa DB, bokosi lomwe muli mabuleka, mukathimitse buleka ya giza, ndipo isayatsidwenso mpaka mmisiri atabwera. Kunyerenyetsako kukatha, giza ndiyo yalakwa, koma musakhutire ndi kusintha element kokha. Earth, njira yotsitsira magetsi otayika m'nthaka, ikanakhala bwino, magetsi otayikawo akanathamangira pansi osadzera m'manja mwanu. Nyumba zambiri zakale zinkadalira paipi yachitsulo ya madzi ngati earth. Paipiyo itachita dzimbiri n'kusinthidwa ndi yapulasitiki, nyumba inatsala yopanda earth eni ake osadziwa. Mukathimitsa giza koma mpopi n'kumagwirabe, thimitsani main switch, swichi yothimitsa magetsi a nyumba yonse, ndipo aliyense asasambe m'bafamo. Thupi lonyowa, mapazi ali pa simenti yonyowa, limadutsitsa magetsi mosavuta kwambiri, ndipo mphamvu yochepera imene babu limodzi lakale limadya ndi yokwanira kusokoneza kugunda kwa mtima.

Tsopano za buleka. Malangizo oti mugule yaikuluwo musawamvere. Buleka siiteteza ketulo kapena TV, imateteza waya amene ali m'khoma ndi m'siling'i. Waya aliyense ali ndi malire a katundu amene angasenze asanatenthe, ndipo buleka imasankhidwa potengera kukhuthala kwa wayayo. Mababu amayenda pa waya wa 1.5mm ndi buleka ya 6A (A akuimira ma amp, muyeso wa magetsi odutsa m'waya), kapena 5A pa ma DB akale. Masoketi amayenda pa 2.5mm: ngati waya wangochoka pa DB n'kukathera pa soketi yomaliza, buleka yake ndi 20A, ndipo ngati wazungulira n'kubwereranso pa DB, zomwe amisiri amati ring, amaika 32A, kapena 30A yakale ija. Cooker ya mapuleti anayi ndi uvuni imafuna waya wakewake wa 6mm ndi buleka ya 32A. Giza nayo imafuna mzere wake wa 2.5mm ndi 20A, osagawana ndi china chilichonse.

Werengani nokha katundu wanu. Magetsi athu ndi a 230V, ndiye tengani mawatsi olembedwa pansi pa chipangizo mugawe ndi 230. Ketulo ya 2200W imakoka pafupifupi 9.5A. Simbi ya 1500W imakoka 6.5A. Hotplate ya mapuleti awiri ya 2000W imakoka pafupifupi 9A. Zitatuzi zikayaka pamodzi m'mawa pokonzekera sukulu ndi ntchito, mwafika pa 25A, firiji tisanaiwerengere. Buleka ya 20A ikagwa pamenepo, ikugwira ntchito imene inaikidwira. Mukaichotsa n'kuika ya 40A, waya wa 2.5mm uja azisenza katundu woposa mphamvu zake popanda chomuletsa. Pulasitiki yokuta mawaya a m'nyumba inapangidwa kuti ipirire kutentha kosaposa madigiri 70. Ikamapyola pamenepo tsiku ndi tsiku imauma, imang'aluka, kenako mawaya amakhudzana. Ndipo zimenezi zimachitikira m'siling'i, pansi pa malata otentha a mwezi wa Okutobala, pamene pali matabwa ouma, fumbi ndi zisa za makoswe. Moto wambiri umene anthu amangoti wayamba ndi magetsi umayamba choncho.

Kagwedwe ka buleka kamanena zambiri, choncho kaonetsetseni musanaitane munthu. Ikamagwa patapita mphindi zingapo zinthu zili choyaka, vuto ndi katundu wochuluka. Ikamagwa nthawi yomweyo mukangoikweza, nthawi zina ndi kaphokoso kophulika, pali mawaya amene akhudzana penapake kapena chipangizo chapsa m'kati. Zikatero zulani mapulagi onse, kwezani kamodzi kokha, kenako muzibwezera chimodzichimodzi mpaka mupeze cholakwacho. Ikagwa mapulagi onse ali ozula, vuto lili m'khoma, isiyeni ili pansi. Ikamagwa mvula ikagwa kokha, yang'anani mababu a panja, soketi ya pakhonde ndi malo amene denga likudontha. Chimene sitikufuna n'choti muzingoikweza mobwerezabwereza, kapena kuitsinira ndi kamtengo kuti isagwe. Nthawi iliyonse imene mwaikweza pa waya wolakwika, mukuwonjezera kupsa pamalo olakwikawo.

Yendani m'nyumba monse madzulo zinthu zikugwira ntchito, muzigwira chivundikiro cha soketi ndi swichi iliyonse ndi kuseri kwa dzanja louma. Soketi yabwino siyenera kutentha. Mukapeza yofunda, yachikasu kapena yoderako m'mbali mwa timabowo, ya pulagi yogwedera, kapena imene imathetheka mukamalowetsa pulagi, dziwani kuti sikuluwu yomanga waya kumbuyo kwake yamasuka kapena timano tam'kati tafutukuka. Malo omasuka amatentha ngakhale katundu ali wochepa, ndipo buleka siimva chilichonse chifukwa mphamvu yodutsayo sinapyole malire. Gwiritsaninso ntchito mphuno. Pulasitiki ya masoketi ndi mabuleka ikamapsa pang'onopang'ono imanunkha ngati nsomba yoyamba kuwonongeka. Anthu amakhalira kusuntha makabati kufunafuna khoswe wakufa pamene chikupsa ndi soketi ya kuseri kwa firiji. Fungo limenelo likamveka pafupi ndi DB, kapena mukamva kulira kwa kuthetheka m'katimo, thimitsani main switch nthawi yomweyo.

Masoketi ambiri timawawononga tokha. Pulagi ya mano awiri ozungulira timaikankhira mu soketi ya mabowo atatu titatsegula ndi cholembera kapena kiyi. Ena amalowetsa mawaya opanda pulagi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi. Zipangizo zochokera ku South Africa, za mano atatu ozungulira aja, timaziika pa adaputa yotchipa imene imagwedera. Pa zonsezi, dulani pulagi yachilendoyo muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi: 13A pa ketulo, simbi ndi hotplate, 3A pa tinthu tating'ono ngati nyale ya patebulo. Soketi imodzi malire ake ndi 13A, kutanthauza pafupifupi 3000W, ndipo ekisitenshoni ya mabowo asanu malire ake ndi omwewo pa mabowo onse pamodzi, osati pa bowo lililonse. Ngati chipinda chilichonse chikudalira ekisitenshoni, ina yolumikizidwa pa inzake, nyumbayo ikusowa masoketi. Inamangidwa nthawi imene m'nyumba munkangokhala wailesi, simbi ndi firiji imodzi.

Za kuchepa kuwala kwa mababu, yambani mwafunsa anthu oyandikana nawo. Ngati kwa aliyense magetsi amafooka madzulo nthawi yophika, vuto lili ku mzere wa ESCOM ndipo kusintha mawaya a m'nyumba mwanu sikuthandiza, pitani mukanene pamodzi. Kuphethira kamodzi firiji ikamaliza kupuma n'kuyambanso si koopsa. Koma ngati ndi kwanu kokha, ndipo mababu amakhalabe ofooka nthawi yonse imene cooker ikuyaka, ndiye kuti pali pomasuka pa DB kapena pa main switch, kapena waya wochokera pa mita ndi wochepa, kapenanso cooker inalumikizidwa pa mzere wa masoketi. Choopsa kwambiri ndi pamene mababu amawala mopyola muyeso kenako n'kufooka, akupsa pafupipafupi, machaja ndi TV zikupsanso. Kumeneko kawirikawiri ndi waya wa neutral, wobwererapo magetsi, amene wamasuka, pa polo kapena polowera m'nyumba, ndipo kungachititsenso kuti mipopi ndi zitsulo zizigwira shoko. Thimitsani main switch, zulani zipangizo, muwauze a ESCOM. Kuchokera pa polo kufika pa mita ndi mbali yawo. Musalole mmisiri aliyense kudula zomatira za pa mita, mlandu wake udzagwera inu.

Pali zina zimene zimangoonetsa kuti mawaya akalamba. Ngati m'malo mwa mabuleka muli mafyuzi adothi loyera aja omangira kawaya, zulani limodzi main switch ili yothima muone chimene anamangapo. Nthawi zambiri mumapezeka waya wamkuwa wokhuthala, ngakhale msomali, ndipo fyuzi yotere siidzaduka zivute zitani. Mawaya ofiira ndi akuda ndi mitundu yakale, atsopano ndi abulauni ndi abuluu. Mtundu pawokha si vuto, waya wakale wa PVC amene sanatenthedwepo amatha kukhalabe bwino. Koma ngati chokutira chake ndi cha rabala kapena nsalu, kapena chikuyoyoka mukachipinda, palibe chokambirana, ayenera kuchoka. Mmisiri akwerenso m'siling'i ndi tochi. Kumeneko n'kumene kumabisala mawaya odyedwa ndi makoswe, ndi mfundo zongopotokola n'kukulunga tepi popanda kabokosi. Ngati magetsi anapita ku boys' quarter, ku khola la nkhuku kapena ku okala kudzera pa chingwe chofewa chochokera pa soketi ya kuchipinda, chimenecho chichotsedwe. Mzere wa panja umafuna buleka yake pa DB ndi chingwe cha armoured, chokutidwa ndi mawaya achitsulo ochiteteza, chokwiriridwa pansi. Jenereta kapena inveta nayo ilowe kudzera pa changeover switch, swichi yodula mzere wa ESCOM jenereta kapena inveta ikamapereka magetsi, osati pulagi yobayira mu soketi, chifukwa imabweza magetsi ku polo ndipo ingaphe munthu amene akukonza mzere akuganiza kuti ndi wothima.

Kayeseni kena kosalira ndalama. Thimitsani ndi kuzula chilichonse m'nyumba mabuleka ali okweza, kenako yang'anani kanyale kofiira ka pa mita kamene kamaphethira mayunitsi akamadyeka. Kakapitiriza kuphethira, gwetsani mabuleka imodziimodzi mpaka kasiye. Mzere umenewo ukutaya magetsi, kapena pali wina amene analumikizapo.

Tikulangiza kuti musayambe ndi kugula katundu. Pezani mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu zamagetsi ndi mafuta, mumupemphe akuonetseni, ndipo ntchito yoyamba ikhale kuyeza. Amene wabwera ndi tesita ya sikuludiraiva yokha n'kunena kuti nyumba yonse ikufunika mawaya atsopano sanayeze kanthu. Ayeze mphamvu ya chokutira mawaya ndi makina amene amati megger pa 500V, mzere uliwonse paokha, ndipo zotsatira zisachepere 1 megaohm. Ayeze ngati earth ikufika pa soketi iliyonse, pa giza, pa cooker ndi pa mapaipi achitsulo. Aone ngati ring sinaduke penapake, chifukwa ring yoduka imasiya waya mmodzi wa 2.5mm pansi pa buleka ya 32A. Aonenso ngati swichi zikudula live, waya wobweretsa magetsi, osati neutral. Manambala onsewa akulembereni papepala. Nthawi zambiri zimapezeka kuti mizere ya kuchipinda ili bwino, yofunika kusintha ndi ya kukhitchini ndi kubafa, ndipo ndalama zake zimachepa kwambiri poyerekeza ndi kusintha nyumba yonse.

Ngati ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi, yambani ndi earth. Akhome ndodo ya earth yokutidwa ndi mkuwa, yosachepera mamita 1.2, pamalo osauma kwambiri, aimange ndi chomangira chake chachitsulo chothina bwino osati kungokulunga waya, kenako aiyeze. Pamodzi ndi zimenezo aike DB yatsopano yokhala ndi earth leakage ya 30mA. Kachipangizo kameneka n'kamene kamateteza munthu, chifukwa kamadula magetsi m'kanthawi kosakwana sekondi pamene buleka wamba sikanamva n'komwe. Kali ndi batani lolembedwa T, muzilidina miyezi ingapo iliyonse, ndipo magetsi azithima pomwepo. Dziwiranitu kuti pa mawaya akale kakhoza kuyamba kugwa tsiku lomwe kaikidwa. Kakatero kapeza vuto limene linalipo kale, ndipo mmisiri akanena kuti akalambalale kuti musavutike, mukanitsitse. Zikatha izi pabwere mzere wa cooker ndi wa giza, kenako masoketi owonjezera kukhitchini, zotsalazo pambuyo.

Pogula waya samalani kwambiri, pamsika pali wachinyengo wambiri. Wina ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa kunja: mukapala ndi mpeni m'kati mumaoneka moyera, mpukutu wake ndi wopepuka, ndipo amathyoka msanga mukamupinda kawiri katatu. Wina walembedwa 2.5mm koma mkuwa wake ndi wochepa, anangokhuthalitsa pulasitiki. Gulani ku sitolo yodziwika yopereka lisiti, mupite ndi mmisiri wanu, ndipo mtengo ukatsika kwambiri kusiyana ndi kwina, kayikirani. Mabuleka achinyengo aliponso, ndipo ena sagwa n'komwe.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, jambulani masoketi opsawo ndi DB, muwatumizire alandilodi uthenga wolemba wotchula za mpopi wogwira shokowo, kuti pakhale umboni woti munanena. Podikira kuti akonze, giza ikhale yothima, ketulo ndi simbi muziyatsa mosinthana, soketi iliyonse yotentha muimate tepi pamwamba kuti ana asaigwiritse ntchito, ndipo aliyense wamkulu m'nyumbamo adziwe pamene pali main switch. Moto ukabuka pa soketi kapena pa DB, yambani mwathimitsa main switch ngati mungaifikire bwinobwino, ndipo musathire madzi magetsi ali choyaka. Thirani mchenga wouma.