Kuvota papositi ku America: bwanji nkhaniyi imangothera kukhoti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Pennsylvania, m'dziko la America. Analandira unzika wa dzikolo posachedwapa, ndipo amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Mwachidule anafunsa kuti: "Chisankho kuno chimachitika Lachiwiri, ine ndimaweruka m'mawa ndili wofooka. Anzanga akuti ndingopempha pepala lovotera libwere papositi. Koma pankhani ndimangomva za milandu. Ena akuti mavoti apapositi amatayidwa, ena akuti ndi njira yobera. Zoona ndi ziti? Voti yanga idzawerengedwa?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Votani papositi ngati ndiyo njira imene mungakwanitse, chifukwa mavoti ochuluka zedi otumizidwa chonchi amawerengedwa popanda vuto. Koma nkhawa yanuyo ili ndi maziko, ndipo mwa zigawo zonse za America, chanucho ndi chimodzi mwa zimene zakokanakokana kwambiri pankhaniyi.

America ilibe bungwe limodzi loyendetsa zisankho ngati MEC kwathu. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo akeake. Ku Oregon anthu anavomereza mu 1998 kuti azivota papositi, moti aliyense wolembetsa amalandira pepala pakhomo osapempha. Ku Texas n'kovuta: uyenera kupereka chifukwa, monga kukhala ndi zaka 65 kapena kuposa apo, kulumala, kapena kukhala kutali ndi kwanu pa nthawi yachisankho. Ku Pennsylvania khomo linatseguka mu 2019 ndi lamulo lotchedwa Act 77, limene aphungu a zipani zonse ziwiri analivomereza. Kenako kunabwera Covid. Pachisankho cha 2020, anthu pafupifupi 43 mwa 100 alionse anavota papositi, ndipo ambiri mwa iwo anali otsatira chipani cha Democratic, popeza Donald Trump ankauza omutsatira kuti njirayi ndi yachinyengo. Kuyambira pamenepo chipani chilichonse chikudziwa kuti kalamulo kakang'ono kokhudza envelopu kangathe kuchepetsa kapena kuonjezera mavoti a mnzake. Milandu yambiri imene mukumvayo gwero lake ndi limeneli.

Tiyeni tiione envelopuyo bwinobwino, poti ndiyo idzakhale patebulo panu. Mudzalandira pepala lovotera ndi maenvelopu awiri. Mukachonga, pepalalo limalowa mu envelopu yaing'ono yosunga chinsinsi, n'kuimata. Imeneyo imalowa mu yaikulu, ndipo kunja kwa yaikuluyo mumasaina ndi kulemba tsiku. Mukaiwala yaing'onoyo voti yanu yafa. Khoti lalikulu la Pennsylvania linagamula choncho mu Seputembala 2020. Koma chimene chadya zaka kukhoti ndi kamzere kolembapo tsikuko.

Mu 2021, m'boma la Lehigh, David Ritter ndi Zachary Cohen ankapikisana pa mpando wa woweruza. Ritter anali patsogolo ndi mavoti 71, koma pambali panali maenvelopu 257 osatsegula. Onse anafika nthawi yake, eni ake anali olembetsa, kungoti sanalembe tsiku. Mlandu unayenda miyezi yambiri mpaka khoti la apilo la boma lalikulu, lotchedwa Third Circuit, linalamula mu Meyi 2022 kuti awerengedwe. Atawatsegula, Cohen anapambana ndi mavoti 5. Asanu okha, achemwali.

Oweruza aja anatsamira pa ndime ina ya lamulo la ufulu wa anthu la 1964, imene imaletsa kumana munthu voti chifukwa cha kaphonyo ka papepala kosakhudza kuyenera kwake kuvota. Ndimeyi ili ndi mbiri yowawa. Kumwera kwa America alembi a kalembera ankabweza anthu akuda pa zifukwa zonga kulakwitsa kuwerengera zaka, miyezi ndi masiku a msinkhu wawo. Komabe chigamulocho sichinakhalitse. Khoti lalikulu la dziko lonse linachifafaniza mu Okutobala 2022 ponena kuti chisankho chija chinali chitatha kale, ndipo mwezi wotsatira khoti lalikulu la Pennsylvania linalamula kuti maenvelopu opanda tsiku asawerengedwe. Pachisankho cha chaka chimenecho mavoti masauzande angapo anakanidwa pa chifukwa chimenechi. Mu Malichi 2024 oweruza ena a Third Circuit yomweyo, awiri kutsutsana ndi mmodzi, anati lamulo la 1964 likukhudza kalembera, osati kaponyedwe ka voti. Mu Ogasiti 2025 khoti lomwelo, poyang'ana tsopano malamulo aakulu a dziko, linati kutaya voti chifukwa cha tsiku n'kulakwa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo uwu wakana kuola ndithu.

Maganizo anga sindibisa. Akuluakulu achisankho ku Pennsylvania anavomereza okha kukhoti kuti tsiku lolemba wovota saligwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati voti yafika nthawi yake, chifukwa envelopu ikangofika amaidinda okha. Nanga agogo a zaka 80 amene alemba tsiku lawo lobadwa pamzerepo, alakwira ndani? Inu mumawasambitsa ndi kuwadyetsa anthu amenewa, mukudziwa mmene dzanja limanjenjemerera ndi mmene maso amachitira chidima. Zimandiwawa kuti munthu wavota moyo wake wonse, voti yake n'kutayidwa pa chinthu chimene palibe amachiwerenga.

Sindikunena kuti amene amaopa chinyengo akulota. Pepala likatuluka m'chipinda chovotera, munthu wina angathe kuima pambali pa wovota n'kumuuza pochonga. Mu 2018 ku North Carolina, munthu wina dzina lake McCrae Dowless, amene ankagwirira ntchito Mark Harris wa chipani cha Republican, anatuma anthu kutolera mapepala apapositi m'makomo mosatsata lamulo. Harris anatsogola ndi mavoti 905, koma bungwe lachisankho la chigawocho linakana zotsatirazo n'kulamula chisankho chatsopano mu 2019. Ife amene tinaona tipeksi wa 2019 ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 tikudziwa kuti mapepala achisankho amafunika mlonda. Koma taonani chimene chinagwira Dowless: ofufuza ndi mboni, osati kamzere ka tsiku. Ndipo milandu yoposa 60 imene Trump ndi omutsatira anakasuma chitatha chisankho cha 2020 sinaonetse chinyengo chosintha zotsatira.

Ku Texas lamulo la 2021 linafuna kuti wovota alembe nambala ya chiphaso pa envelopu, yofanana ndi imene ili m'kaundula. Pachisankho chachipulula cha Malichi 2022, mavoti apapositi pafupifupi 12 mwa 100 alionse anabwezedwa, ndipo kumbukirani kuti kumeneko ovota papositi ambiri ndi okalamba. Ku Arizona lamulo loletsa kutengera anzako mavoti linafika kukhoti lalikulu la dziko, limene mu 2021 linalivomereza, ngakhale anthu amtundu wa Navajo ambiri alibe positi yofika pakhomo ndipo amayenda mtunda wautali kukaponya kalata.

Mkangano wina ndi wa nthawi. Voti imene yadindidwa ku positi tsiku lachisankho koma yafika patatha masiku awiri, iwerengedwe? Mississippi inkalola masiku asanu ogwira ntchito. Chipani cha Republican chinasuma, khoti la apilo la Fifth Circuit linagwirizana nacho mu Okutobala 2024, ndipo mu Novembala 2025 khoti lalikulu la dziko linavomera kumva nkhaniyi. Kwa inu izi sizisintha kanthu, chifukwa ku Pennsylvania envelopu iyenera kukhala itafika ku ofesi yachisankho ya boma lanu pofika 8 koloko usiku wa tsiku lachisankho. Chidindo cha positi sichikupulumutsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo; voti imene ikadali m'galimoto ya positi ili pachala.

Ndiye chitani chonchi. Pemphani pepala lanu msanga, osadikira tsiku lomaliza, limene limakhala Lachiwiri la sabata yotsogolera chisankho. Likafika, musalidzaze mutangoweruka. Gonani kaye, mukadzuka mukhale pansi ndi cholembera chakuda kapena chabuluu. Lembani tsiku limene mukusainalo, ngakhale mumve pawailesi kuti khoti lati silofunika, ndipo samalani kuti Amereka amayamba ndi mwezi kenako tsiku, mosiyana ndi mmene tinazolowerera kwathu. Ngati masiku atsala ochepa, kaperekeni nokha ku ofesi yachisankho. Musatengere mnzanu wa kuntchito envelopu yake ngakhale akupempheni bwanji, lamulo la kumeneko limafuna aliyense apereke yake, kupatula wolumala amene wasainira fomu yotuma munthu. Chimodzimodzinso okalamba amene mumawasamalira: wina akafuna thandizo, muuzeni wamkulu wa pantchito, musazichite nokha mwakachetechete.

Mukapereka imelo yanu pofunsira pepala, adzakudziwitsani envelopu ikafika, komanso mungathe kuona pa intaneti. Mukamva kuti yakanidwa, musakhale pansi. Maboma ena mwa maboma 67 a Pennsylvania amalola kukakonza cholakwikacho, ena salola, koma khoti lalikulu la chigawocho linagamula mu Okutobala 2024, pa mlandu wochokera m'boma la Butler, kuti munthu wotere angathe kupita kumalo ovotera tsiku lachisankho n'kukaponya voti yapadera imene imasungidwa pambali mpaka atsimikize. Choncho Lachiwiri limenelo, ngakhale mutavota kale papositi, foni ikhale pafupi.

Ndipo abale athu amene ali ndi green card yokha, chiphaso chowalola kukhala m'dzikolo mokhazikika koma asali nzika, muwauze asayerekeze kulembetsa, ngakhale fomu ibwere yokha pakhomo. Kuvota usanakhale nzika ndi mlandu umene ungathamangitse munthu m'dzikolo.