"Calm down" sazimitsa moto

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England. Akuti mwana wa agogo ena anabwera atalusa chifukwa zovala za mayi ake zinasowa kochapira. Mayi olemba kalatawo anamuuza kuti "calm down", koma munthuyo anangoyaka ngati udzu wa mu Okutobala. Ndiye akufunsa kuti mawu a Chingerezi oziziritsa mtima ndi ati, nanga oputa mkwiyo ndi ati.

Mayi, galamala simunalakwitse ayi. Vuto ndi loti "calm down" ndi lamulo. Wokwiyayo amamva ngati mukumuuza kuti cholakwika ndi mkwiyo wakewo, osati zovala zasowazo. Ngakhale eni chilankhulo amapsa nawo mawuwa. Mu Epulo 2011, David Cameron ali nduna yaikulu ya Britain, anauza phungu wa Labour, Angela Eagle, m'nyumba ya malamulo kuti "calm down, dear". Aphungu a Labour anafuna kuti apepese, ndipo ambiri anati uku kunali kuderera munthu wamayi. "Relax" ndi "chill" nawonso ndi a mtundu womwewo: kwa mnzanu wocheza naye alibe vuto, koma kwa munthu wobwera ndi dandaulo, musayerekeze.

Mawu oputa a Chingerezi ambiri amabwera atavala ulemu, ndipo apa ndi pamene ife ophunzira chilankhulochi m'kalasi timagwa. "With all due respect" amamveka ngati kugwada, koma Mngelezi akawamva amadziwa kuti chotsatira ndi kutsutsidwa. "I'm sorry you feel that way" si kupepesa. Tanthauzo lake ndi loti ine sindinalakwe, nkhani ndi mtima wanuwo. "As I already told you" amauza munthu kuti ndi wogontha. "Whatever" ndiye mwano weniweni, moti kafukufuku wa koleji ya Marist ku America anawapeza kukhala mawu onyansa kuposa onse mu 2009 ndiponso zaka zingapo zotsatira. Koma oopsa kwambiri ndi "you people". Ku Britain, ku America ngakhale ku South Africa, anthu amawamva ngati mukunyoza mtundu wawo wonse, ndipo nkhani ya zovala imasanduka ya tsankho.

Nanga oziziritsa? Ndi mawu wamba, osafuna dikishonale. Yambani ndi "tell me what happened", kenako khalani chete amalize zonse, ngakhale akubwereza. Mukatero nenani kuti "I can see why you're upset", kapena ngati akunena zoona, "you're right, that shouldn't have happened". Ndikuona kuti chiganizo chachiwirichi ndiye champhamvu kuposa zonse, chifukwa munthu amene wamva kuti mwamuvomereza amasowa womenyana naye. Pomaliza muuzeni chimene muchite ndi nthawi yake: "let me check the laundry now and I'll ring you before five". Lonjezo lopanda nthawi, monga "we'll look into it", anthu analizolowera ndipo salikhulupirira.

Samalaninso ndi "sorry". Kwathu timati pepani ngakhale munthu wapunthwa yekha, koma mukauza Mngelezi "sorry" basi, kawirikawiri amayankha kuti "it's not your fault". Ngati mukumumvera chisoni chabe, nenani kuti "I'm sorry to hear that". Ngati kulakwa ndi kwanu kapena kwa kuntchito kwanu, "I'm sorry we lost them".

Munafunsanso za mawu olembera lipoti kwa abwana. Kukhazika mtima pansi ndi "to calm", "to reassure" kapena "to defuse the situation". Pewani "to appease": kuyambira pamene Neville Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anagonjera zofuna za Hitler ku Munich mu 1938, mawuwa amanunkha mantha ndi kunyengerera. Kumbali ya kuputa kuli "to provoke" ndi "to antagonise", pamene pocheza Angelezi amati "to wind someone up". Limeneli m'lipoti musalembemo. Lisungireni nthawi ya tiyi.