Kodi alendo odzaonerera chisankho amationera chiyani?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi kuno ku Dedza, ndipo pasukulu pathu ndi pamalo oponyera voti. Mu 2019 kunafika galimoto ya alendo akunja odzaonerera chisankho. Anazungulira, anafunsa mafunso awiri atatu, n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Pambuyo pake khoti linathetsa chisankho chomwecho chimene iwo anachiyamikira. Nanga anthu amenewa amabwera kudzatani? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, funso lanuli nanenso linandivuta chaka chimenecho. Tinavota pa 21 Meyi 2019. Gulu la Commonwealth linatsogozedwa ndi a Thabo Mbeki, la African Union ndi a John Mahama, ndipo la European Union linalinso pano. Patangopita masiku awiri anapereka maganizo awo oyamba, akuti kuvota kwayenda bwino ndi mwabata. Pamenepo sananame. Anthu anaimadi pamizere mwaulemu, monga munaonera pasukulu panu.

Koma vuto silinali pamzere. Linali pamapepala a zotsatira, amene ena anafufutidwa ndi Tippex, ena anali madupuliketi, ena opanda siginecha. Nthawi imene alendowo ankalankhula, kuwonkhetsa mavoti ku COMESA Hall ku Blantyre kunali kusanathe. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza pa 27 Meyi kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.41. Apa m'pamene mtima wanga umandiwawa: mawu oyamba aja ndi amene anamveka pawailesi dziko lonse, ndipo ambiri anawatenga ngati chigamulo. Zomwezi zinachitika ku Kenya mu 2017, kumene a John Kerry a ku America, amene ankatsogolera gulu lina la alendo oonerera chisankho, anayamikira kavotedwe, khoti lalikulu n'kudzathetsa zotsatira pa 1 Sepitembala.

Muzidziwanso kuti alendowa alibe mphamvu yoimitsa kapena kusintha kalikonse. Ntchito yawo ndi kuona, kulemba ndi kupereka malangizo. Ndipo ndi anthu ochepa, pamene malo ovotera anali oposa 5,000. Sindikuti asamabwere ayi. Maso a mlendo amachititsa manyazi wofuna kuopseza anzake poyera, ndipo malipoti awo omaliza amakhala ndi mfundo zothandiza pokonza malamulo.

Amene anawongola zinthu, komabe, anali athu omwe. Mamonita a zipani anasunga makope a zotsatira, makopewo anakafika kukhoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti. Chobwereza cha pa 23 Juni 2020 chinachitika magulu akuluakulu akunja aja palibe, chifukwa cha mliri wa Covid-19, koma chinayenda.

Ndiye chisankho chikadzabweranso pasukulu panu, galimoto ija ikadzapita, inu musadzachoke. Dikirani mavoti awerengedwe, mamonita onse asayine, ndipo zotsatira zikamatidwa pakhoma muzijambule pafoni.