Yezani khosi kaye musanagule die ina

Achimwene, za onga ndi primer (kachitsulo koyatsa onga) mwafunsazo ayankhe ena. Ine ndiima pa mfuti ya .308 yanuyo, yomwe mukuti zipolopolo zake zomwe mumadzipangira nokha zikutuluka zopendama, geji yoyezera kuwongoka ikuwerenga runout (kupendamako) ya 0.006 mpaka 0.008 inchi, ndiye mukufuna kugula seating die (chida cholowetsera chipolopolo m'chigoba chake) yatsopano. Ndalamazo zisungeni kaye. Onse amene akuti gulani ichi, gulani icho, palibe ndi mmodzi yemwe wakufunsani kuti kupendamako kukuyambira pati.

Tengani case (chigoba cha brass chosungira onga) yongowombedwa kumene, musanaichite chilichonse, muizunguze pa geji singano ili pakhosi pake, pomwe pamalowa chipolopolo. Kawirikawiri imakhala yowongoka bwino, 0.001 kapena kucheperapo, chifukwa yatengera chamber ya mfuti, kachipinda komwe case imakhala powomba. Ilowetseni mu sizing die (yobwezera case pa muyeso wake), muyezenso. Ikani chipolopolo, muyeze kachitatu, singano ili pa ogive (pomwe chipolopolo chimayamba kusongoka), osati kunsonga kwenikweni. Pamene nambala yadumpha, vuto lanu lili pomwepo.

Ndingabetche kuti idumpha pa sizing, ndipo wolakwa ndi expander ball, kampira kachitsulo kamene kali mkati mwa die. Die wamba imafinya khosi mopyola muyeso, kenako mukamatulutsa case kampira kaja kamadutsa mkati mwa khosi n'kulikulitsanso. Nthawi imeneyo case yachoka kale m'makoma a die, palibe choigwira, ndiye kampira kakangokhala pambali pang'ono kapena khosi lili louma, kamalikokera mbali imodzi. Mukamva kakulira kuti kwii, chogwirira cha press (makina okankhira case mu die) chikukakamira pobwerera, dziwani kuti khosi lapita. Ine die ina yomwe ndinali nayo inkalandira case ya 0.001 n'kuibweza ili pa 0.005. Mnzanga anandibwereka seater (seating die) yake yodula, koma zipolopolo zinatulukabe zopendama chimodzimodzi. Seater imangotsata khosi lomwe mwaipatsa, singaliwongole.

Zosafuna ndalama ndi izi. Tsukani mkati mwa khosi ndi kaburashi, pakani graphite wouma, ndipo kachitsulo konyamula kampirako musakamange kolimba, kasiyeni kazidzipezera pakati pokha. Ena amaika O-ring pansi pa lock ring (mphete yomangira die pa press) kuti die izisewera pang'ono. Koma ine ndinangokachotseratu kampirako. Tsopano khosi ndimalikulitsa ndi mandrel (kandodo kachitsulo kosalala) mu die yakeyake, chifukwa mandrel imalowa kuchokera pamwamba, imakankha osati kukoka. Njira ina yomwe ndimaikonda kwambiri ndi Lee Collet die, yomwe imafinyira khosi pa mandrel. Ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe akutchula anzathuwa, koma kumbukirani kuti imagwira khosi lokha. Phewa mudzafunika kulibweza ndi body die (yofinya thupi ndi phewa osakhudza khosi), 0.002 basi, bolt ikayamba kuuma potseka.

Ma bushing die (okhala ndi kamphete kosinthika kofinyira khosi) nawo musawaone ngati mankhwala a zonse. Ngati chamber yanu ndi yotakasuka pakhosi, ndipo bushing ikuyenera kufinya kwambiri ulendo umodzi, runout imabwera yomweyo. Finyani kawiri ndi ma bushing awiri osiyana, ndipo bushing musaipanikize, izigwedera mukaigwedeza die.

Ngati mwachita zonsezi koma ma case ena akukanabe, yezani kuchindikala kwa khosi mozungulira ndi ball micrometer. Mbali ina ikachindikala kuposa inzake ndi 0.002, brass imeneyo siidzawongoka, chifukwa mbali yopyapyala imatanuka msanga ndipo case imapinda ngati nthochi. Ipatuleni muziwombera zoyeserera.

Seater imalakwa nthawi zina, inde. Zipolopolo zazitali zosongoka zija za VLD zimatha kugunda nsonga pansi pa stem (kachitsulo ka mu seater kokankha chipolopolo) m'malo mogwidwa pa ogive, ndiye zimalowa mopendeka. Detsani chipolopolo ndi marker, chilowetseni, muone pomwe inki yachoka. Pakamwa pa case pakhale chamfer (m'mphepete mopalidwa mopendeka) yosalala, apo ayi pamakanda jacket, chikuto cha chipolopolo. Lowetsani theka, zunguzani case, malizani. Ndiponso shell holder (yogwira tako la case pa press) ikhale yoyera, kachinyalala kamodzi m'mphako mwake kamapendeketsa case yonse. Zikakanika pamenepa ndi pomwe mungaganize za seater ya sleeve yotsetsereka ngati ya Forster kapena Redding.

Chomwe ndikuletsani ndi chomwe wina wanena pamwambapa, chopinda chipolopolo kuti chiwongoke chitalowa kale. Geji idzakusangalatsani, koma mwamasula khosi mbali imodzi, ndipo chipolopolo chilichonse chagwidwa ndi mphamvu yosiyana ndi chinzake. Mwachotsa vuto looneka n'kuika losaoneka.

Komanso musamayerekeze nambala zanu ndi za anthu ena mwachisawawa. Geji yogoneka case pathupi pake ndi yogwira kutako ndi kunsonga siziwerenga zofanana, ndipo singano ikasewera 0.006 ndiye kuti chipolopolo chachoka pakati ndi 0.003 yokha. Pa mfuti yosakira, pa mayadi 100, kusiyana kwa 0.002 ndi 0.004 mwina simukuona n'komwe pachandamale. Patulani zowongoka ndi zopendama, muwombere magulu awiri tsiku limodzi, mfutiyo inene yokha. Mukayeza katatu kaja, tiuzeni nambala zonse zitatu ndi mtundu wa die mukugwiritsa ntchito.