Makanema akale a Bigfoot ndi Yeti: yambirani apa, achimwene

Achimwene, mwafunsa za pulogalamu ija munkaonera muli mwana, ya chinyani chachikulu choyenda ndi miyendo iwiri m'mbali mwa mtsinje, chimene chimacheuka kuyang'ana kamera kenako n'kulowa m'nkhalango. Mwati dzina munaiwala, ndipo mukufuna makanema akale a mtundu umenewo oti muonere ndi ana anu. Funso lanuli landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinakulira momwemo. Amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi katoni ya matepi a vidiyo, ndipo tepi ina inali ndi nkhani imeneyi. Tinkaonera pa TV ya batire la galimoto, chithunzi chikunjenjemera, ndipo chinthu chija chikati cheu, mng'ono wanga ankabisa nkhope m'chitenje cha amayi.

Chimene munaonacho ndi kanema wa Roger Patterson ndi Bob Gimlin, woonetsa chinthu chimene amati ndi Bigfoot. Anajambula pa 20 Okutobala 1967 ku Bluff Creek, kumpoto kwa California, kumene anapita pa akavalo. Kutalika kwake ndi pafupifupi mphindi imodzi basi, pa filimu ya 16mm. Koyambirira chithunzi chimagwedezeka kwambiri chifukwa Patterson ankathamanga kamera ili m'manja, kenako chimakhazikika, ndipo mpamene chinthucho chimacheuka, manja ataliatali akulendewera. Kachidutswa kameneka kanabwerezedwa m'mapulogalamu ambirimbiri, ndiye simuvutika kukapeza.

Kukhala ine, ndikanayamba ndi Arthur C. Clarke's Mysterious World, ya mu 1980, yopangidwa ndi Yorkshire Television ku Britain. Ili ndi magawo 13, ndipo gawo limene mukufuna ndi lotchedwa The Missing Apemen, lokamba za Yeti wa kumapiri a Himalaya ndi Bigfoot wa ku America. Clarke amalankhula ali ku Sri Lanka kumene ankakhala, modekha, ngati gogo amene wamva nkhani zambiri ndipo sathamangira kuvomera kapena kutsutsa. Kwa ana ndi yabwino chifukwa siwaopseza dala. Yachiwiri ndi In Search of..., imene inkaulutsidwa kuyambira 1977 mpaka 1982, wofotokoza wake ali Leonard Nimoy, uja ankasewera ngati Spock mu Star Trek. Gawo la Bigfoot lili m'chaka choyamba. Mawu a Nimoy ndi nyimbo yake yachilendo ija ndi zimene ambiri amene tinakula nazo timazisowa. Ndimaikondanso chifukwa gawo lililonse limayamba ndi kunena poyera kuti zina mwa zimene muonezo ndi zongoganizira.

Pali ina imene ndimaikonda kuposa zonsezi, koma ana aang'ono muyambe mwawagoneka: The Legend of Boggy Creek, ya mu 1972, ya Charles B. Pierce. Ndi nkhani ya chilombo cha m'madambo a kufupi ndi katawuni ka Fouke ku Arkansas. Theka ndi anthu kufotokoza zimene anaona, theka ndi sewero, ndipo ena mwa osewerawo ndi eni mudzi enieniwo. Kamera imakhala nthawi yaitali pamadzi odikha, pamitengo yomera m'madzi, mbalame ndi achule akulira, popanda chilichonse chochitika. Mtima umayamba kugunda usanaone kanthu. Chakumapeto, pamene chinthucho chimazungulira nyumba usiku anthu ali m'kati, mpamene pangalotetse mwana zoopsa. Filimuyi anaikonzanso mu 2019, choncho funani yokonzedwayo, chifukwa makope akale ndi amdima moti simuona bwino. Filimu ina, The Mysterious Monsters, imene wofotokoza wake ndi Peter Graves, mungaionere mukatsiriza zinazi. Muli zongosewera zambiri.

Chimene chimandibwezera ku makanema akalewa ndi anthu ake. Mlimi wachikulire ali pakhonde, chipewa chili m'manja, akufunafuna mawu. Amayamba, n'kusiya, n'kuyang'ana pansi, ndipo wojambula samudula pakamwa. Mumaona kuti munthuyu akudziwa kuti anzake amuseka mawa, komabe akunena. Zimandikumbutsa mmene agogo ankasimbira za usiku umene anakumana ndi fisi panjira: mawu ochepa, maso ali patali. Mapulogalamu a masiku ano a nkhani yomweyi ndi phokoso lokhalokha, anthu kukuwa m'nkhalango ndi makamera a kuwala kobiriwira, nyimbo kugunda mphindi iliyonse. Ndinayesa kuonera, ndinatopa nawo msanga.

Koma poti muonera ndi ana, pali zinthu zimene makanema akalewa sakanatha kunena chifukwa zinadziwika pambuyo pake, ndipo ana ayenera kuzimva kwa inu. Dzina loti Bigfoot linatchuka mu 1958, pamene Jerry Crew, woyendetsa katapila pantchito yolambula msewu ku Bluff Creek komweko, anapeza mapazi akuluakulu pafupi ndi makina ake, nkhani n'kutuluka mu nyuzipepala ya Humboldt Times. Ray Wallace, amene anali ndi kontirakiti ya ntchitoyo, atamwalira mu 2002, abale ake anatulutsa mapazi osema ndi mtengo n'kunena kuti ndi amene ankadinda nawo pansi. Za kanema wa 1967 uja, mu 2004 munthu wina dzina lake Bob Heironimus ananena kuti ndi iye anavala chovala cha nyani tsiku limenelo. Gimlin amakana zimenezo, ndipo Patterson anamwalira mu 1972 akunenabe kuti anaona chamoyo chenicheni. Mkanganowo sunathe.

Kumbali ya Yeti zinthu zinayera kwambiri. Chithunzi chotchuka ndi cha Eric Shipton cha mu 1951, phazi limodzi lalikulu pa chipale chofewa, kankhwangwa kokwerera mapiri kataikidwa pambali kuti muone kukula kwake. Mu 1960 Edmund Hillary, uja anakwera Everest ndi Tenzing Norgay, anabwereka chikopa cha kumutu chimene chinkasungidwa kunyumba ya amonke ya ku Khumjung ku Nepal, chimene anthu ankati ndi cha Yeti. Akatswiri atachiyeza anapeza kuti chinapangidwa ndi chikopa cha serow, nyama ya kumapiri yofanana ndi mbuzi. Mu 2017 gulu la Charlotte Lindqvist linayeza DNA ya zinthu 9 zimene ankati ndi za Yeti: 8 zinali za zimbalangondo, chimodzi cha galu.

Musawauze anawo kuti anthu akale aja anali opusa, ayi. Gorila wa kumapiri a Virunga, pakati pa Africa, asayansi a ku Ulaya anamudziwa mu 1902 momwemu, ngakhale eni dera ankamudziwa kalekale. Munthu wa m'zaka za m'ma 1950 anali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti mwina nkhalango zina zikubisabe chinyani china. Ngakhale dzina loti Sasquatch linachokera m'chilankhulo cha Halkomelem cha eni nthaka a ku British Columbia ku Canada, amene anali ndi nkhani zawo za munthu wa m'tchire makamera asanabwere.

Pofufuza pa YouTube muzilemba dzina la pulogalamu pamodzi ndi chaka, apo ayi mudzazidwa ndi zatsopano zaphokoso zija. Magawo a Clarke ndi a Nimoy sakwana mphindi 30 lililonse, ndiye bandulo siivutika. Muonere usiku, magetsi mutazimitsa, ndipo chinthu chija chikangocheuka muimitse kanemayo, anawo ayandikire, aliyense anene chimene akuona. Mudzatiuze kuno kuti ati chiyani.