Musamulande Chichewa, Chingerezi chimupeza

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwana wanu wa zaka zitatu akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo anzanu akulangizani kuti muzingomuyankhula Chingerezi chokha poti ntchito, intaneti ndi maphunziro apamwamba zonse zikuyendera chimenecho. Ine ndikuti musatero. Koma anzanuwo sakunama pa zonse, ndiye ndiyambire pamene akunena zoona.

Dziko lasandukadi mudzi umodzi, ndipo pabwalo la mudziwo Chingerezi ndicho chikumveka kwambiri. Ngakhale maboma amatengeka nacho. Dziko la Rwanda linasiya kuphunzitsira m'Chifalansa mu 2008 n'kutenga Chingerezi, chaka chotsatira n'kulowa m'bungwe la Commonwealth. Ku Singapore anayamba kalekale, mu 1966, kuti mwana aliyense aziphunzira Chingerezi pamodzi ndi Chimandarini (chilankhulo cha ku China), Chimalay kapena Chitamil. Koma taonani kumene zafika: kalembera wa 2020 anaonetsa kuti m'makomo a ku Singapore, Chingerezi ndicho chikuyankhulidwa kwambiri kuposa zilankhulo za makolo. Chilankhulo chomwe chili kusukulu, kuntchito ndi m'foni sichisowa wochiyankhula. Chimene chimafota ndi chapakhomocho, ndipo chimafota mwakachetechete, mpaka tsiku lina mdzukulu n'kumangoyang'ana agogo ake kukamwa.

Za kusakanizazo musade nazo nkhawa. Mwana amene akukula ndi zilankhulo ziwiri amatola liwu lomwe lili pafupi, monga timachitira akuluakulufe tikamacheza. Akamasinkhuka amadziwa yekha kuti uyu ndimuyankhule chiti.

Amene amati mwana angomizidwa m'chilankhulo chachilendo amakonda kutchula za ku Canada. Mu 1965, ku St. Lambert pafupi ndi Montreal, makolo oyankhula Chingerezi anapempha kuti ana awo aziphunzitsidwa m'Chifalansa kuyambira kusukulu ya mkaka. Zinayendadi bwino, ana anadziwa Chifalansa ndipo Chingerezi chawo sichinawonongeke. Chimene anthu amaiwala n'chakuti Chingerezi cha anawo chinali chotetezeka kale. Ankachimva kunyumba, pa wailesi, m'mabuku, paliponse. Chifalansa chinangobwera kudzawonjezera, sichinadzalande malo. Wanuyo mukamuchotsera Chichewa pakhomo, akachipeza kuti chokwanira?

Nkhani yomwe imandigwira mtima ine ndi ya ku Ife, ku Nigeria. Kuyambira 1970, Babs Fafunwa ndi anzake a payunivesite anayesa kuphunzitsa ana maphunziro onse a pulayimale, zaka 6 zathunthu, m'Chiyoruba, Chingerezi n'kumachiphunzira ngati phunziro palokha. Anawo anakhoza bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga, ndipo ngakhale pa Chingerezi chenichenicho sanatsalire. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana akamvetsa kuwerengera, kufotokoza nkhani mwadongosolo, kapena kusiyanitsa dzulo ndi mawa m'chilankhulo chimodzi, nzeruyo sayiphunziranso kachiwiri. Amangoyipezera mawu atsopano. Bungwe la UNESCO linanena zoti mwana ayambire m'chilankhulo chake mu 1953, ndipo mpaka lero likunenabe.

Palinso china chimene chimatipusitsa makolofe. Kamwana kakamathyola Chingerezi cha m'makatuni, katchulidwe kake ngati kanabadwira ku London, timaganiza kuti basi, zatheka. Jim Cummins, katswiri wa nkhanizi ku Canada, anaonetsa kuti chilankhulo chochezera mwana amachigwira m'zaka ziwiri zokha, koma cha m'kalasi, cholembera mayeso ndi kufotokozera sayansi, chimatenga zaka 5 mpaka 7. N'chifukwa chake mumapeza mwana woyankhula bwino zedi koma funso la masamu lolembedwa m'mawu likumuzunguza mutu. Zaka zonsezo amafunika chilankhulo china choti aziganizira mozama, ndipo chimenecho ndi chomwe inu mumatha kumuseketsa nacho, kumudzudzula nacho ndi kumuyankha nacho akayamba mafunso ake osatha aja.

Nanga foni? Si mdani ayi, koma si mphunzitsinso. Mu 2003, Patricia Kuhl ndi anzake ku University of Washington anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja oyankhula Chingerezi n'kuwamvetsera Chimandarini maulendo 12. Amene ankasewera ndi munthu maso ndi maso anayamba kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chimandarini. Amene anaonera anthu omwewo pa vidiyo sanatolepo kanthu. Ana okulirapo amatolako mawu pa YouTube, inde, koma kamwana kamaphunzira kuyankhula kakamayankhidwa. Ndiye ngati pafoni pali chomupindulitsa, ndi kuimbirana pa vidiyo pa WhatsApp ndi agogo ake kapena azakhali, chifukwa kumeneko kuli munthu womufunsa n'kudikira yankho.

Mmera mpoyamba, mayi. Pakhomo muyankhuleni Chichewa chokhathamira, chokhala ndi nthano ndi nyimbo, osati chongomutuma madzi. Chingerezi muzimuwerengera kabuku madzulo ngati mukufuna, palibe choletsa. Akakuyankhani m'Chingerezi musamukalipire, ingobwerezani zomwe wanenazo m'Chichewa n'kupitiriza macheza. Posankha sukulu mufunse ngati amalanga ana oyankhula chilankhulo chawo. Akati inde, ine ndikanabwerera pageti pomwepo, chifukwa mwana akachita manyazi ndi chilankhulo cha mayi ake amachisiya msanga kuposa mmene mungaganizire.

Chimodzi chokha muchiyang'anitsitse. Ngati pa zaka zitatuzi sakutha kulumikiza mawu awiri kapena atatu m'chilankhulo chilichonse mwa ziwirizi, kapena satembenuka mukamuitana, musanamizire zilankhulo. Pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu.