Mwana wasiya Misa atalandira Ulimbitso: yankho kwa mayi wa ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, amene makolo ake anachoka ku Dedza m'masiku a chitaganya, mzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury. Mayiwo akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 19, amene ankatumikira pa Misa kuyambira ali wamng'ono, wasiya kupita kutchalitchi chilandirireni sakramenti la Ulimbitso. Akamudzutsa Lamulungu m'mawa amayankha m'Chishona kuti Mulungu amamupembedzera mumtima. Funso lawo n'lakuti, kodi amuumirize kapena amuleke?

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yowawa chotere. Sindikukulangizani kuti mumuumirize, komanso sindikukulangizani kuti mumuleke, chifukwa ndikuona kuti chimene mwana wanu akusowa chili kwina.

Agogo athu kumudzi ankadziwa kuti pa chinamwali pamafunika anthu awiri. Panali namkungwi, amene ankalangiza gulu lonse la anamwali, ndipo panalinso phungu, amene ankakhala pafupi ndi namwali mmodzi yekha, kumuyang'anira, kumumasulira zimene sanamve, ndi kumulankhulira akalakwa. Mwana wanu wakumana ndi anamkungwi okwanira. Waphunzira katekisimu zaka zingapo, wamva maulaliki mazanamazana ataima pambali pa guwa, ndipo mapemphero amawadziwa pamtima. Koma ndikukayika ngati pali wamkulu mmodzi mu parishi yonse amene anamufunsapo kuti, "Kodi iwe ukamapemphera umamva kuti pali amene akukumvetsera?" n'kudikira yankho popanda kumudula mawu. Ulimbitso ukadutsa, maphunziro amatha, gulu limabalalika, ndipo wachinyamata amene chikhulupiriro chake chinali chomangirira pa gulu lokha amatsala alibe pogwira.

Mpingo sunaiwale za phungu ayi, ndife amene tamusandutsa munthu wojambulitsa naye chithunzi tsiku la phwando. Malamulo a Mpingo amafuna kuti wolandira Ubatizo kapena Ulimbitso akhale ndi womuimira, munthu wa zaka zosachepera 16, wolimbitsidwa kale, wolandira Ukaristia, amenenso si bambo kapena mayi wake womubereka, ndipo amalimbikitsa kuti womuimira pa Ubatizo akhalenso yemweyo pa Ulimbitso. Mfundo yoti asakhale kholo ili ndi nzeru yake, pakuti pali zinthu zimene mnyamata wa zaka 19 sangaziulule kwa mayi ake ngakhale atawakonda chotani. Choncho funso langa kwa inu n'lakuti, amene anaika dzanja paphewa la mwana wanu pamaso pa ambuye episkopi tsiku lija ali kuti lero? Ngati anapita ku Johannesburg monga apitira ambiri, kodi ali ndi nambala ya mwanayo pa WhatsApp?

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Mu parishi yathu munali mnyamata wa kwaya amene anangosowa mwadzidzidzi. A mphakati anapita kwawo kawiri, anaimba, anapemphera kolona, iye atadzitsekera kuchipinda. Amene anamufika pamtima anali bambo wina wachikulire, kalipentala wa ku Glen View, amene anangomupempha kuti Loweruka lililonse azikamuthandiza kupala matabwa. Kwa miyezi itatu bamboyo sanatchule za tchalitchi n'kamodzi komwe, kupatula kuti ankachita chizindikiro cha mtanda asanadye nsima yamasana, mnyamatayo akuyang'ana kumbali. Tsiku lina magetsi atazima, makina ali zii, mnyamatayo anayamba yekha kulankhula. Anati analephera kawiri mayeso a Fomu 4 ngakhale anapemphera novena, pemphero la masiku asanu ndi anayi, ndi mtima wonse, ndipo kuchokera pamenepo ankaona ngati Mulungu anamunamiza pamaso pa anzake. Kalipentalayo sanamudzudzule. Anamufotokozera za mwana wake woyamba amene anamwalira ali wakhanda, ndi zaka ziwiri zimene iye mwini anakhala osalandira Ukaristia chifukwa cha mkwiyo. Mnyamatayo anabwerera ku sakramenti la Kulapa patapita nthawi ndithu, ndipo kukwaya sanabwererenso mpaka lero, koma Misa amabwera mwa kufuna kwake.

Zimenezi n'zimene Papa Francis anatsindika m'chikalata chake cha Christus Vivit cha mu 2019, chimene chinatsatira msonkhano wa maepiskopi wokambirana za achinyamata mu 2018, kuti wachinyamata amafunika womuperekeza amene amayamba ndi kumvetsera. Chitsanzo chake chili pa Luka 24, pamene Yesu anayenda ndi ophunzira awiri okhumudwa opita ku Emausi, nawafunsa kaye chimene ankakambirana, ngakhale kuti njira imene ankayenda inali yochoka ku Yerusalemu. Kuno ku Africa tili ndi Charles Lwanga, nkhoswe ya achinyamata, amene anabatiza kamnyamata kotchedwa Kizito usiku m'bwalo la mfumu Mwanga ya ku Buganda. Mbiri imati kamnyamatako kataopa imfa, Lwanga anakalonjeza kuti adzakagwira dzanja, ndipo onse awiri anaphedwa ku Namugongo pa 3 June 1886.

Pali nkhani ya chilankhulo imene munaikhudza pang'ono m'kalata yanu. Ife a m'badwo wathu timamva kukoma tikamanena Atate Athu m'Chichewa, koma ana athu obadwira ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku amalota m'Chishona. Ngati mwana wanu angathe kuuza Mulungu zakukhosi m'Chishona kapena m'Chingelezi, musamuwerengere ngati wataya mtundu. Phungu amene mungamupezere akhale womva chilankhulo chimene mwanayo amakwiyira nacho.

Pomusankha munthuyo musathamangire amene amadziwa kulankhula pagulu. Funani wamwamuna wokhwima maganizo, wosunga chinsinsi, amene banja lake mumalidziwa, ndipo muwadziwitse bambo mfumu kuti nawonso aikepo maso. Azikumana poyera, pantchito, pabwalo la mpira kapena pakhonde, osati mobisa, chifukwa ubwenzi wotere ukagwa m'manja oipa umavulaza koopsa. Ndipo inu musamufunse phunguyo zimene akambirana, pakuti mwanayo akangodziwa kuti mawu ake amafika kukhitchini kwanu, adzatseka pakamwa.

Inu gawo lanu lilipo. Monica woyera analira zaka zambiri chifukwa cha mwana wake Augustine, koma amene anamuphunzitsa ndi kumubatiza ku Milan mu 387 anali Ambrose, munthu wina. Pitirizani kupita ku Misa, muzimuitana kamodzi mwaulemu osabwereza, ndipo tsiku lina mukamadya mumufunse chimene chinamuchitikira m'chaka chija cha Ulimbitso. Akayankha zopweteka, musamutsutse usiku womwewo. Mukatha kutero mundilembere, mundiuzenso kumene ali womuimira uja.